Kodi malire a pamapu angateteze shaki ndi anamgumi?

Funso: Akonzi, ndimamva kuti mayiko akupatula madera ena a m'nyanja zamchere n'kuletsamo usodzi. Poti m'madzi simungamangidwe mpanda, kodi zimenezi zimathandizadi nyama zikuluzikulu monga shaki, anamgumi ndi akamba? Ine wowerenga wanu.

Yankho: Zimathandiza ndithu, koma makamaka nyama zokhazikika pamalo amodzi, ndiponso pokhapokha pakakhala anthu olondera. Ku Cabo Pulmo, m'dziko la Mexico, boma linakhazikitsa malo otetezedwa mu 1995 eni mudzi atapempha okha n'kupachika maukonde awo, ndipo pakati pa 1999 ndi 2009 nsomba zinachuluka kuposa kanayi, shaki nazo n'kubwereramo.

Nkhani imavuta pa nyama zoyenda mitunda italiitali. Kamba wamkulu wa mtundu wa leatherback amaikira mazira kugombe la Indonesia n'kuwoloka nyanja yonse ya Pacific kukadya kufupi ndi California, ku America, ndipo panjira amadutsa m'madzi momwe zombo zimatchera zingwe zotalika makilomita ambiri, chilichonse chili ndi mbedza zikwizikwi. Malo otetezedwa amamusunga kwa kanthawi chabe. Asodzi nawo si ogona, chifukwa zombo zawo zimaunjikana m'mphepete mwenimweni mwa malire kudikirira chomwe chituluke.

Ena salabadira n'komwe malirewo. Mu 2017 asilikali apamadzi a ku Ecuador anagwira chombo cha ku China chotchedwa Fu Yuan Yu Leng 999 m'dera lawo lotetezedwa la kuzilumba za Galápagos, chitanyamula shaki zakufa zoposa 6,000.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi vaquita, kanyama kofanana ndi dolfini kopezeka m'nyanja ya Gulf of California yokha, ku Mexico, komwe katsala pafupifupi 10 ngakhale kuti dera lake n'lotetezedwa. Sikasakidwa dala ayi, koma kamakodwa m'matchera otchera mozemba nsomba ya totoaba, n'kufa chifukwa cholephera kukwera pamwamba kukapuma. Lamulo la papepala linakanika kuchotsa maukondewo, mpaka mu 2022 asilikali a ku Mexico anamiza pansi pa madzi zipilala zakonkire zokhala ndi ngowe zachitsulo zong'amba maukonde, ndipo m'pamene mabwato olowa m'chigawo chimenecho anachepa.