Ulendo wa ku Glasgow ndi Gulu la Ophunzira: Mungapeze Bwanji Abwenzi Kumeneko?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira ku MUBAS kuno ku Blantyre. Iye wasankhidwa kupita ku Glasgow, m'dziko la Scotland, pamodzi ndi anzake asanu ndi awiri, ndipo akakhala kumeneko kuyambira pakati pa Juni mpaka pakati pa Ogasiti pa ntchito ya kafukufuku wa zamadzi. Funso lake linali lakuti: "Ndikuopa kuti ndidzabwerako nditangocheza ndi anzanga omwewa amene ndimakhala nawo kale m'kalasi. Kodi ndikachite chiyani kuti ndikapalane ubwenzi weniweni ndi anthu akumeneko?"

Mng'ono wanga, mantha anuwo ndi omveka, ndipo ndikuwadziwa bwino chifukwa inenso zaka zingapo zapitazo ndinapita ku mzinda womwewo ndi gulu la ophunzira, ndipo masabata atatu oyambirira anandipita pachabe. Tinkagona nyumba imodzi, kuphika nsima mumphika umodzi, kukwera basi imodzi, ndipo madzulo tinkasonkhana m'khitchini n'kumakangana za Bullets ndi Wanderers ngati kuti sitinachoke ku Chichiri. Sindikunyoza gulu, pakuti tsiku limene mudzapukwe kumudzi, ndi anzanuwo amene adzakutonthozeni. Koma dziwani kuti anthu asanu ndi atatu akamayenda pamodzi n'kumalankhula chinenero chimodzi amakhala ngati mpanda wa minga, moti ngakhale munthu wamtima wabwino amangowamwetulira n'kudutsa, osalimba mtima kulowa pakati pawo.

Chimene chinandithandiza ine chinali kusankha malo amodzi n'kumapitako sabata iliyonse, ndekha kapena ndi mnzanga mmodzi yekha. Ine ndinasankha tchalitchi cha Church of Scotland chimene chinali pafupi ndi kumene tinkagona, popeza ndinakulira mu CCAP ndipo mizu ya Sinodi ya Blantyre ili mu mpingo umenewo. Mapemphero akatha kumeneko, anthu amakhala pang'ono kumwa tiyi ndi mabisiketi, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene zinanditsegulira khomo. Lamlungu loyamba anangondipatsa moni. Lamlungu lachiwiri anakumbukira dzina langa. Lamlungu lachitatu mayi wina wachikulire, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anakhala pambali panga n'kundifunsa kumene ndimachokera, ndipo nditati ku Blantyre, anaseka mokondwa n'kunena kuti iyenso anabadwira ku Blantyre. Kwa inu malowo mwina sakhala tchalitchi. Atha kukhala kwaya, gulu lothamanga m'paki Loweruka m'mawa, kapena malo ogawira chakudya kwa osowa kumene mungadzipereke kuthandiza. Chofunika n'chakuti nkhope yanu ikazolowereke kwa anthu omwewo, chifukwa mlendo amene amuona kamodzi amangomulemekeza, koma amene amuona kachinayi amayamba kumufunsa za kwawo.

Inu muli ndi mwayi umene ophunzira a maiko ena alibe, ndipo mukaugwiritse ntchito. Mzinda wathu unatenga dzina lake ku tauni yaing'ono ya Blantyre, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813 ndi kumene anayamba kugwira ntchito mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Amishoni amene anamanga mishoni yathu mu 1876 ndiwo anatipatsa dzinalo pomukumbukira. Mayi uja ananditenga pa sitima kuchokera ku Glasgow Central, ulendo wosafika theka la ola, kukandionetsa nyumba imene Livingstone anabadwiramo, chipinda chimodzi chokha chimene banja lonse linkakhalamo. Ine ndinamuonetsa zithunzi za tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI, chimene chinamalizidwa mu 1891, ndipo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana njerwa zake. Tsiku limenelo sindinali wongolandira, pakuti nanenso ndinali ndi chomuuza chimene iye sankachidziwa. Mudzapezanso anthu ambiri amene amadziwa Malawi kudzera mu Mary's Meals, bungwe la ku Scotland limene linayamba kupereka phala m'sukulu kuno kwathu mu 2002, kapena kudzera mu ubale wa sukulu ndi mipingo umene unakula pambuyo pa mgwirizano umene maboma a Malawi ndi Scotland anasaina mu 2005.

Pali zina za chikhalidwe zimene zikadzakudzidzimutsani musadzakhumudwe nazo. Kwathu kuno munthu amangofika pakhomo n'kunena kuti odi, ndipo amamupatsa mpando, kenako madzi osamba m'manja. Kumeneko kucheza kumakhala kopangana tsiku ndi ola, ndipo akakuuzani 6 koloko mufike 6 koloko yeniyeniyo. Akakuitanani kuti mubwere ku tiyi madzulo, nthawi zambiri akutanthauza chakudya chamadzulo, choncho musadye musanapite. Chingerezi cha ku Glasgow n'chothamanga komanso chovuta kumva masiku oyamba, ngakhale kwa munthu amene anakhoza bwino Chingerezi pa MSCE, ndipo palibe manyazi kupempha munthu kuti abwereze zimene wanena. Pa nkhani ya mpira samalani kwambiri, chifukwa mkangano wa Celtic ndi Rangers suli ngati wa Maule ndi Manoma. Uli ndi mbiri yakale yokhudza chipembedzo ndi ndale, moti ndi bwino kumvetsera kaye musanavale jezi ya timu iliyonse. Tengani jekete la mvula, popeza chilimwe chawo chimafanana ndi chiperoni chathu, ngakhale kuti mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku.

Mfundo imene ndikufuna kuitsindika kwambiri ndi iyi, ndipo ndikuinena mwachikondi. Musalole kuti ubwenzi wanu uyambire pa kupempha. Ndikudziwa mmene fizi ikuvutira, ndipo ndikudziwa kuti kunyumba ena adzakuuzani kuti mukapezeko munthu wokuthandizani. Koma mnzathu wina m'gulu lathu anapempha laputopu kwa banja limene linali litangomuitana kawiri, ndipo ngakhale anamupatsa, sanamuitanenso, ndipo iye mwini anadzamva chisoni. Pitani ndi chanu m'manja: paketi ya tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu, chitenje chimodzi kapena ziwiri. Koposa zonsezi, aitaneni nawonso. Ufa umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa, ndipo ife m'sabata yachisanu ndi chimodzi tinaphika nsima, nyemba ndi ndiwo zotendera, n'kuitana mayi uja ndi mwamuna wake pamodzi ndi ophunzira awiri akumeneko. Tinawathira madzi m'manja monga timachitira kwathu, tinawaphunzitsa kukanya mbamu, ndipo usiku umenewo gulu lathu lija, limene poyamba linali mpanda, linakhala banja lolandira alendo.

Mayi uja ndimalemberana naye mpaka lero, ndipo chaka chilichonse ndikapeza munthu wopita kumeneko ndimamutumizira tiyi. Choncho musananyamuke pa Chileka, khalani pansi ndi anzanuwo mugwirizane kuti pa sabata padzakhala masiku awiri amene aliyense adzayenda payekha, ndipo mukafika, m'sabata yoyamba yomweyo, mukasankhe malo anu amodzi aja. Mukadzabwerako mu Ogasiti mudzandilembere, ndimve kuti munasankha kuti ndiponso amene anayamba kukukumbukirani dzina.