Ndasiya nyama ya ng'ombe pa Lenti, m'nyumba mwavuta

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mangochi boma ndipo ndimapemphera Katolika. Chaka chino ndinalonjeza kuti kuyambira Lachitatu la Phulusa mpaka Pasaka sindilawa nyama ya ng'ombe, mkaka ngakhale chambiko. Vuto ndi bambo a kunyumba. Iwowa akadya nsima yopanda nyama amati agona ndi njala, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ndi kilo ya ng'ombe. Ine ndinangosiyiratu kuphika nyamayo, tikudya usipa ndi nyemba. Pano akuti ndikubisa ndalama ya ndiwo, apongozi anga nawo akuti ndikuwondetsa mwana wawo. Dzana anakadya kanyenya kumsika, nsima yanga usiku sanaikhudze. Kodi ndikulakwa?

Mayi wodandaula, Mangochi

Zikomo mayi,

Tsiku lomwe munkalonjezalo bambowo analipo? M'kalata mwanumu sindikuona poti munakhala nawo pansi. Lonjezo munapanga nokha, koma mwaliphikira mumphika wa anthu asanu. Apa ndiye pagona mlandu.

Tiyeni tisiyanitse. Chimene mpingo umalamula Mkatolika wa zaka 14 kupita m'tsogolo ndi kusadya nyama pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti. Nsomba ndi yololedwa, mkaka suletsedwa. Zosiya ng'ombe ndi mkaka masiku onse 40 mwawonjezera nokha, ndipo ndi zabwino ndithu, koma ndi nsembe yanu. Ngati bambowo ndi Mkatolika, za Lachisanu akumbutseni mwaulemu. Masiku enawo aphikireni nyama yawo, ana athirireni mkaka m'tiyi. Ana akukula, sanalonjeze kanthu.

Mufunsa kuti mchere mulawa bwanji? Itanani mwana wamkulu alawe msuziwo. Inu kamphika kanu pambali. Ndipotu kumva fungo la nyama ikukazingika, kuipakula, kenako n'kukatapa nkhwani wanu wotendera, kusala kwenikweni n'kumeneko. Kusiya nyama yomwe m'nyumba mulibe, aliyense angathe.

Anansi anu achisilamu kumeneko muwaone pa Ramadhan: mayi amaphikira ana aang'ono phala masana dzuwa likuswa mtengo, iye asanamwe ndi madzi omwe.

Za ndalamazo musazipeputse. Mwamuna akasiya ndalama ya ng'ombe n'kupeza usipa m'mbale, mtima umayamba kuwerengera. Muuzeni zomwe mwagula, chenji aione. Ngati mukufuna yotsalayo ikathandize wosauka, poti Lenti imafunanso zachifundo, mugwirizane kaye.

Komanso inu, kukhala pakati pa nyanja ya Malawi ndi Malombe, mtsinje wa Shire ukudutsa pakhomo, n'kumazunza banja ndi usipa tsiku ndi tsiku? Lachisanu gulani chambo kapena kampango thumba likalola, likakana utaka ulipo. Ino ndi nyengo ya dzinja, chisoso ndi bonongwe zili mbwee. Munthu wokonda nyama mutu wa kampango sakana.

Apongozi musalimbane nawo. Mwana wawo akayambiranso kunyambita zala, nkhani ithera pomwepo. Koma bambowo akamakusekani kapena kukukakamizani kudya mutawaphikira kale yawo, imeneyo ndi nkhani ina, kawauzeni ankhoswe.

Loweruka likubwerali atumeni okha akagule kilo ija.

Azakhali