Achemwali, malungo onamizirawo musadwale

Achemwali, ndawerenga positi yanuyi m'mimba mwanga mwachita kutentha. Zoti Loweruka munamizire malungo kuti wina akayankhule m'malo mwa banja pa ukwati wa mchimwene wanu, ayi, dikirani kaye. Ndipo awa adzaza m'makomentimu ndi "ingolimbani mtima, n'zophweka" musawamvere, sanagwirepo maiki dzanja likunjenjemera. Ine zinandionekera, osati pa ukwati pomwe anthu amabwera akuseka kale, koma pamaliro.

Anamwalira dalaivala wa kuntchito kwathu, bambo aulemu zedi, amene ankatitenga tikamapita kukagwira ntchito m'midzi. Maliro anali kwawo, kupitirira Mitundu uko, msewu wafumbi. Dzulo lake bwana wathu ananena pamaso pa tonse kuti akayankhula okha m'malo mwa ofesi, mpaka sekilitale anawatayipira zokanena. M'mawa tikukwera galimoto iwo akuti tsogolani, ndidzere kaye kubanki, ndikupezani konko. Anandipatsa envulopu ya chipepeso ndi pepala lija, ati ndingowasungira m'chikwama. Ndani akanaganiza?

Tafika, masamba ali pamsewu, chinamtindi cha anthu. Azibambo pamipando pansi pa tenti, ife azimayi pansi titayala zitenje, amayi a Chigwirizano akuimba chakusiwa. Dzuwa la Okutobala, lija loswa mtengo. Foni ya bwana ikungoitana, kenako yazimitsidwa. Zoyankhula zinayamba, mwini mbumba anayankhula, anyakwawa anayankhula, basi woyendetsa mwambo n'kuti, "Tsopano timve kwa akuntchito." Zii. Azibambo awiri amene tinabwera nawo, anthu oti ku ofesi pakamwa sipatsekeka, mmodzi anawerama ati akumanga chingwe cha nsapato, winayo anaimirira foni ili kukhutu n'kulowera kuseri kwa khola la mbuzi. Foni yosaitana n'komwe. Anaitananso akuntchito. Mnzanga amene ndinakhala naye anandigunyuza ndi chigongono, "Envulopu ili ndi iwe, dzuka."

Abale, mwendo unali utachita dzanzi chifukwa chokhalitsa pansi. Ndinayenda motsimphina kudumpha miyendo ya azimayi, pepani, pepani, chitenje chikumasuka, dzanja lina lagwira chikwama, lina lagwira mpango kuti usagwe. Maso onse kwa ine. Ndinawerama kwa mafumu, n'kulandira maiki, pomwepo sipika inalira tswiii mpaka ana anatseka m'makutu. M'kamwa munauma gwa, malovu onse anatha, lilime linamatirira kumwamba. Mtima ndinkaumvera m'makutu. Kutambasula pepala lija, Chingerezi chokhachokha, masamba awiri, tizilembo ting'onoting'ono, ndipo ndime yoyamba yonse inali mbiri ya bungwe lathu, osati ya malemu. Patsogolo panga pakhala mayi wamasiye atamugwira azilamu ake, ana ake, agogo okalamba oti Chingerezi sanachimvepo. Pepalalo linkagwedezeka n'kumagunda maiki, phokoso lake phaphapha kumveka mudzi wonse. Ndinati, "Zikomo amfumu." Ndinabwerezanso, "Zikomo amfumu." Agulupu, abusa, akubanja, onse aja mumayenera kuwatchula mwa ndondomeko, anasowa m'mutu. Mawu amene ankatuluka pa sipika sanali anga, anali a kamwana ka Sande sukulu.

Kenako dzina la malemu linandithawa. Munthu woti ndinkamupatsa moni m'mawa uliwonse, woti anandithandizapo kunyamula thumba la chimanga mpaka pakhomo panga. Linathawiratu. Ndinayang'ana papepala kuti ndilipeze, zilembo zikungosambira. Ndinangoloza bokosi n'kumati, "Abambo awa... abambo awa..." Thukuta likutsika mumsana, mawondo akuombana, m'mimba mukubwadamuka moti ndinkapemphera kuti chimodzi chokha chisandichitikire pagulupo, mukuchidziwa. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinamva wina akutsokomola, mwana wina akufunsa mayi ake kuti azakhali awo akutani.

Ndiye woyendetsa mwambo uja anabwera, n'kugwira maiki idakali m'dzanja langa, n'kunena mawu akumveka pa sipika: "Akuntchito atitumizira mwana, tiwakhululukire. Mayi, ingosiyani envulopuyo, adzukulu akudikira." Mwana! Ine mayi wa ana anga, wolipira lendi ndekha. Ena anaseka chobisa m'zitenje, pamaliro. Ndinabwerera kudumphanso miyendo yomwe ija. Mayi wina wachikulire, sindimudziwa mpaka lero, anandikokera pansi pambali pake n'kundipatsa madzi m'kabotolo, ati khala apa mwanawe, wayesetsa. Ndinalira kuposa akubanja, anthu n'kumayesa chisoni cha maliro.

Bwana uja anatulukira titachoka kale kumanda, anthu akusamba m'manja kuti adye nsima. Suti yakuda, magalasi akuda, ati tayala linaphulika. Tayala lake liti? Tinamva pambuyo pake kuti anayamba adzera kumsonkhano wina kuhotela kukasayinira alawansi. Munthu anakuyendetsani zaka zonsezo, kukudikirirani panja usiku inu muli kokasangalala, inu n'kumusinthanitsa ndi alawansi. Lolemba pamiting'i, m'malo mopepesa, akuti, "Ndamva kuti munatichititsa manyazi kumudzi." Mxii. Mpaka pano ndikawaona m'sitolo ndimakhotera ku shelefu ina. Ndipo aja a chingwe cha nsapato ndi foni yosaitana, amantha enieniwo, ndi amene anayambitsa zonditchula kuti "Abambo Awa". Dzinalo linakhazikika mpaka tsiku lomwe ndinasiya ntchito pamalopo. Oyendetsa mwambo enanu muli m'gulu muno, maiki si yochitira nthabwala pa munthu amene akumira. Mukanangoyambitsa nyimbo, kapena kunong'oneza dzinalo, chikanavuta n'chiyani?

Kuchokera apo ngakhale pemphero lotsekera kumphakati ndinkakana. Akangoti amayi uje atipempherere, ine ndili kale panja ati ndikuona mwana. Chimene chinandichiza ndi banki m'khonde. Anandisankha ulembi ndisanakane, ndiye mlungu uliwonse ndinkayenera kuwerenga mokweza kuti uje washeya zingati, uje wabweza zingati, chiwongoladzanja chafika pati. Poyamba nditakhala pansi, maso ali m'kope. Kenako nditaimirira. Kenako kukangana ndi obweza mochedwa popanda kope n'komwe. Pa ndalama munthu sachita manyazi nthawi yaitali.

M'gulu lomwelo munali namwino wina amene anandifotokozera zomwe zinandichitikira tsiku lija, ndipo bwenzi wina atandiuza kale. Si ufiti, si mzimu woipa, si uchitsiru. Thupi silisiyanitsa khamu la anthu okuyang'ana ndi galu wolusa amene wakutsekera njira. Tiziwalo tina tili pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga kuti magazi apite ku minofu ya miyendo ndi manja uthawe kapena umenyane, ntchito yogaya chakudya imasokonekera, malovu amauma, mpweya umangothera pachifuwa. N'chifukwa chake mawu amanjenjemera, n'chifukwa chake chimbudzi chimaitana. Zimafika pachimake ukamadikira kuitanidwa ndi pa mphindi yoyamba utayamba kuyankhula, kenako zimatsika zokha ngati sunathawe. Ukathawa, thupi limaphunzira kuti kuthawako ndi kumene kunakupulumutsa, ulendo wina mantha amabwera atanenepa. Malungo anu onamizirawo akupulumutsani Loweruka lokha, koma pa chinkhoswe chotsatira mudzadwala chiyani?

Ndiye mverani. Pepala ndi limene linandipha ine, musalidalire. Komabe lembani. Lembani nokha, musalole achimwene a ku yunivesite akulembereni zawo zija zopotokola lilime. Yankhulani m'chiyankhulo chomwe mumakalipira ana kunyumba, ngati ndi Chichewa, Chichewa basi, apongozi a Chingerezi amva pa nkhope. Musanyamule pepala lalikulu lopyapyala, limaulula kunjenjemera konse. Dulani kakatoni kokwana m'dzanja, zilembo zikuluzikulu, pamwamba penipeni maina: abusa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo, akwati. Dzina la mchimwene wanuyo lilembeninso, inde amene munayamwa naye bere limodzi, la mlamu wanu watsopanoyo ndiye kawiri. Musaseke. Pansi pake mfundo zitatu: kuthokoza obwera, kankhani kamodzi ka mchimweneyo ali mwana kosamuchititsa manyazi, kulandira mkwatibwi m'banja. Mphindi ziwiri zakwana. Anthu mu holo amakhala akudikira perekaniperekani ndi keke, palibe amene anabwererapo kunyumba akudandaula kuti akubanja anafupikitsa.

Ziganizo ziwiri zoyambirira zilowezeni pamtima mpaka muzitha kuzinena mutadzidzimutsidwa kutulo, poti mphindi yoipa ndi yoyambayo. Kuyambira usiku uno yesererani mokweza, mutaimirira, osati chamumtima muli gone pabedi. Jambulani mawu anu pafoni mumvetsere. Mudzanyansidwa nawo, aliyense amanyansidwa ndi mawu ake, pitirizani. Mawa sonkhanitsani ana ndi aneba pakhonde muwayankhulire mutagwira chipande. Akaseka ndiye bwino, muzolowere kupitiriza anthu akuseka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ife m'gulu muno tingolemba makomenti koma oyeserera ndinu.

Tsikulo idyani pang'ono, musapite ndi njala. Tiyi wambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zisiyeni, zimangothamangitsa mtima womwe ukuthamanga kale. Kabotolo ka madzi kakhale pafupi. Akamayandikira dzina lanu kokani mpweya ndi mphuno mpaka mimba itukuke, n'kuutulutsa pang'onopang'ono pakamwa, kutulutsako kutalike kuposa kukoka, mtima umatsika ndithu. Achimwene aja alemba kuti mumwe kapu imodzi yolimbitsa mtima, ayi. Ndinaonapo malume ena atalimbitsa mtima chonchi, anatchula dzina la chibwenzi chakale cha mkwati, akumkazi n'kuyamba kutolera zikwama. Winanso watchula mapiritsi a propranolol. Alipodi, amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, koma ndi a dokotala amenewo, kwa wodwala mphumu ndi oopsa. Musakagule mwachisawawa chifukwa cha mphindi ziwiri.

MC mumupeze mwambo usanayambe. Mumufunse kuti mubwera pambuyo pa ndani, ndipo mumuuze maso ndi maso kuti pa inu pasakhale nthabwala, akangoona mwaima ayambitse m'manja kapena DJ aponye kanyimbo. Banja lanu ndi lomwe likumulipira, musamuope. Maiki igwireni pafupi ndi chibwano, chigongono chitatsamira m'nthiti kuti dzanja lisavine, ndipo musaime kutsogolo kwa sipika, ndi pomwe pamachokera kulira kuja. Zoti muziyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu kapena kukhoma ine sindigwirizana nazo, umaoneka ngati ukuwerenga malata. Sankhani nkhope imodzi yokukondani, azakhali aja amangogwedezera mutu chilichonse, muziyankhula ndi iwowo.

Ndipo musadzione ngati ndinu nokha. Mose amene anatsutsana ndi Mulungu pa Eksodo 4 kuti iye pakamwa mpolemera, mpaka anamupatsa Aroni womuyankhulira. Gandhi wa ku India uja, ali loya wachinyamata ku Bombay, pa mlandu wake woyamba anaimirira kuti afunse mboni, mutu unazungulira, anakhala pansi osafunsa ngakhale funso limodzi, n'kubweza ndalama za mwini mlandu. Ukwati ukadutsa, ngati mukufuna kuthana nazo kotheratu, kuli Toastmasters, bungwe lomwe linayamba ku America mu 1924, ku Lilongwe ndi ku Blantyre makalabu ake aliko. Amakuimiritsa kuti uyankhule mphindi imodzi kapena ziwiri pa mutu womwe sunaukonzekere, wina akusunga nthawi ndi zizindikiro zobiriwira, zachikasu ndi zofiira, wina akuwerenga ma "eee" ndi ma "aaa" ako onse. Kungoti n'Chingerezi ndipo pamakhala kandalama kolipira. Ine yanga inali banki m'khonde, yaulere, mwinanso yankhanza kuposa.

Chachikulu dziwani kuti anthu salabadira, aliyense amakhala akuganiza za nsapato yake yomuthina ndi ndalama zosintha zoti akafupe. Mukalakwitsa pofika Lolemba ambiri aiwala. Munthu asakukakamizeni kuyankhula musanakonzeke, zimenezo ndi nkhanza, ngati simukufunadi auzeni lero lomwe apeze wina nthawi ilipo, osati kuwazimitsira foni m'mawa wa ukwati. Koma musakane, achemwali. Mukadikira kuti mantha athe kaye mudzafika pa ukwati wa zidzukulu musanagwirepo maiki, nthawi zina munthu amafunika kungodzikankhira yekha kutsogolo basi.

Nsapato zazitali zija musiyire operekeza akwati, mawondo akayamba kuombana zimakugwetsa. Mukajambula voice note yoyamba nditumizireni ku inbox ndiimve, Lachinayi lisanadutse kuti tikhale ndi nthawi yodula zotalika.