Makhadi a Ellen Terry ndi Lillie Langtry: ndi a liti, ndipo asungidwe bwanji?

Mayi wina wokhala ku Leeds, ku England, watilembera imelo. Akuti anagula bokosi la zithunzi pamsika wa katundu wakale, ndipo apezamo makhadi olimba a azimayi azisudzo, mayina ali m'munsi: Ellen Terry ndi Lillie Langtry. Akufuna kudziwa zaka zake ndi kasungidwe kake.

Mayi, yambani ndi rula. Khadi la masentimita 6.4 m'lifupi ndi 10 m'litali ndi carte de visite, imene wojambula zithunzi wina dzina lake Disdéri analembetsa ngati luso lake ku Paris mu 1854. Iye ankajambula zithunzi zingapo pagalasi limodzi, mtengo n'kutsika, moti m'zaka za m'ma 1860 anthu wamba ankagula nkhope za mafumu ndi azisudzo m'sitolo n'kumasinthana. Lokulirapo, la 10.8 ndi 16.5, ndi cabinet card, lomwe linafala kuyambira 1866. Langtry analowa zisudzo mu 1881, choncho ake ambiri ndi amenewa. Likakhala positikhadi yokhala ndi mzere wogawa kumbuyo, silingakhale la kale kuposa 1902, chaka chimene Britain inaloleza zimenezo.

Kenako tengani galasi lokulitsa zinthu. Chithunzi chenicheni cha nthawi imeneyo kawirikawiri chimakhala kapepala kopyapyala kopakidwa choyera cha dzira, komatidwa pakatoni. Chimaoneka chofiirira, poyera pamakhala pachikasu, ndipo nthawi zambiri pamwamba pake pali timing'alu tating'onoting'ono. Mukaona timadontho tofola m'mizere, chimenecho n'chosindikizidwa pamakina. Siginecha isakunamizeni, zambiri zinkangodindidwa.

Za ndalama musayembekezere zambiri: makhadiwa ankatuluka masauzande. Chimene chimakweza mtengo ndi dzina la wojambula, monga Sarony wa ku New York kapena W. & D. Downey a ku London, komanso ngati ngodya zake sizinadulidwe pofuna kuti lilowe mu alubamu.

Mdani wamkulu ndi chinyezi ndi dzuwa: zimafufutitsa chithunzi, nkhungu n'kumerapo. Musapukute ndi nsalu yonyowa, chifukwa madzi amafufumitsa dzira lija, likauma ming'alu imakula. Selotepi ndi guluu zimasiya mawanga osachoka, ndipo lamineshoni ndiye kulipheratu. Khadi lililonse lilowe m'kathumba kakekake ka pulasitiki wa mtundu wa polyester kapena polypropylene, osati wa PVC, n'kuikidwa m'bokosi m'chipinda chouma, kutali ndi hita ndi khoma lotuluka thukuta. Pogwira, sambani m'manja, muumitse, ndipo gwirani m'mphepete mokha. Ngati mukufuna lopachika pakhoma, pachikani kope lojambulanso.