Alamu, mabuku oti mugule ndi awa

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija pagulu ndaliona, loti mukufuna kugula mabuku ku Johannesburg musananyamuke, ndiye ndikuuzeni oyenera ana, achinyamata ndi ife akuluakulu. Ndati ndiyankhe pakamwa kuti amayi nawo amve okha.

Chonde musagule mabuku a sukulu. Amenewo ana ali nawo kale, ndipo pa holide sawakhudza n'komwe. Mugule buku loti mwana akalitsegula mpaka muchite kumuitana kawiri kuti nsima ikuzizira. Komanso a Chichewa musataye nawo nthawi kumeneko, n'ngovuta kuwapeza. Amenewo tidzagula konkuno, ku CLAIM Mabuku kapena ku Maneno.

Ndiyambe ndi kamtsikana kathu ka ku mkaka. Pali buku la zithunzi la Chimamanda Ngozi Adichie la 2023, dzina lake Mama's Sleeping Scarf, koma pachikuto analemba dzina loti Nwa Grace-James, ndiye musasokonezeke. Ndi nkhani ya mwana amene mayi ake popita kuntchito amamusiyira duku logona nalo, iye n'kuswera nalo tsiku lonse ndi bambo ake ndi agogo ake. Nanga si kathuka nakonso sikasiyana ndi chitenje cha mayi ake? Kadzalikonda. Mukapezanso Galimoto la Karen Lynn Williams mutenge. Ndi la 1990, si latsopano ayi, koma nkhani yake ndi ya kuno kwathu: kamnyamata kozungulira mudzi wonse kutolera mawaya kuti kapange galimoto. Mwana akaona chinthu chimene amasewera nacho pabwalo chili m'buku, amadziwa kuti buku si la azungu okha. Ndipo pafoni pali African Storybook, nthano zaulere, zina za m'Chichewa, zoti mungamuwerengere pogona.

Tsono mnyamata wanu wa Sitandade 8 uja, amene anaphwasula wailesi ya agogo ake kuti aone chimene chimayankhula m'kati. Ameneyo buku lake ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba. Musamale, lilipo mitundu itatu: la akuluakulu la 2009, la zithunzi la 2012, ndi la achinyamata la 2015. Mutenge la 2015. Kamkwamba ndi wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, fizi inasowa, anasiya sukulu ya sekondale. Ndiye ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale, n'kupezako buku la sayansi lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chimamuvuta, amangotsatira zithunzi. Anatola njinga yakutha ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki, fani ya thalakitala, mitengo ya bulugama, mpaka babu linayaka. Anthu a m'mudzi ankati ndi misala. Ndikufuna mwana wanuyo awerenge gawo la njala lija mosathamanga, chifukwa iye sanaione, koma ife tinaiona, ndipo ndi bwino adziwe chifukwa chake agogo ake salola ngakhale gaga kutayidwa. Filimu yake ya 2019 ili pa Netflix, koma asaionere asanamalize buku, apo ayi sadzaligwiranso.

Mtsikana wa achimwene aakulu wa Folomu 3 uja, amene masiku ano wangoti zii, sayankhula zambiri, mumugulire ndakatulo za Upile Chisala. Anakulira ku Zomba ameneyu. Mabuku ake ndi soft magic, nectar, ndi a fire like you la 2020. Ndakatulo zake n'zazifupi, zina mizere itatu basi, zokamba za kudzikonda ngati mtsikana wakuda, za mayi ndi mwana, za chikondi chimene chimapweteka. Msinkhu umenewu pali zinthu zimene sangauze mayi ake, ngakhale ife azakhali ake, koma akaziona zitalembedwa ndi mkazi mnzake wa kwathu konkuno mtima umakhala pansi. Muwonjezerepo Born a Crime la Trevor Noah. Lilipo lokonzera achinyamata la 2019, anachotsamo mawu olaula. Adzaseka, koma adzamvanso mmene tsankho linkayendera kumene inu mukukhalako, poti kubadwa kwake kwa mayi wachikuda ndi bambo wachizungu mu 1984 unali mlandu.

Achimwene anu okonda za ndale ndi mbiri, mabuku awo ndili nawo awiri. Glory la NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe, la 2022, limeneli mulipeza mosavuta ku Exclusive Books. Ochita nkhani onse ndi nyama, ngati nthano za kalulu ndi fisi, koma wolamulira ndi hatchi yokalamba imene yakhala pampando zaka zambirimbiri, ndipo aliyense amene amatsatira kugwa kwa Mugabe mu 2017 amazindikira msanga amene akunenedwa. Linalo ndi lathu, Lomathinda: Rose Chibambo Speaks la Timwa Lipenga, la 2019, ndipo ndidzalifufuza ndine kuno. Mayi Chibambo ndi aja ali pa K200. Tsiku lililonse timawapatsira kondakitala wa minibasi, koma ndi angati akudziwa kuti mu 1959 anatsekeredwa ku ndende ya Zomba ali ndi khanda m'manja, ndipo mavuto a nduna a 1964 atabuka anathawira ku Zambia, n'kudzabwerera mu 1994? M'bukumo akuyankhula okha. Limeneli ndikufuna liyende nyumba zonse, osati kwa achimwene kokha.

Inuyo alamu, mudzigulire lanu, musaiwale. Chimamanda watulutsa Dream Count mu 2025, nkhani ya akazi anayi, ndipo ndi lalitali ndithu. Koma limene ndikufuna kwambiri kuti tiwerenge tonse awiri ndi la Paulina Chiziane wa ku Mozambique, amene anapata mphoto ya Camões, ya olemba m'Chipwitikizi, mu 2021. M'Chipwitikizi ndi Niketche, m'Chingerezi The First Wife. Mayi wina, Rami, wakhala pabanja zaka makumi awiri ndi mkulu wa apolisi, kenako n'kutulukira kuti bamboyo ali ndi akazi ena mbali zosiyanasiyana za mzinda, ena mpaka ndi ana. Poyamba amapita kukamenyana nawo. Kenako amaona kuti onsewo akulira misozi imodzimodzi, ndiye amawasonkhanitsa, amawathandiza kuyamba timabizinesi, n'kumuumiriza mwamunayo kuti ngati ndi mitala ikhale mitala yoonekera, yokhala ndi udindo wake. Mulinso zambiri za kusiyana kwa akazi akumpoto kwa Mozambique, amene amavinidwa chinamwali ngati kwathu kuno, ndi akummwera kumene amalowola. Muli malo ena amanena zinthu mosabisa, ndiye limeneli mulisunge m'chikwama, si la ana. Ine linandikhudza chifukwa siliweruza mkazi aliyense mwa iwo.

Mukatsala ndi ndalama, Afterlives la Abdulrazak Gurnah wa ku Zanzibar, amene analandira Nobel mu 2021. Ndi la asilikali achikuda amene anamenyera Ajeremani nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkhondo yomweyo imene inafika mpaka ku Karonga mu 1914. Limayenda pang'onopang'ono, lofuna munthu wodekha.

Amayi, ndikudziwa mukumvetsera. Inu sitinakuiwaleni. Ndikupezerani Nthondo la Samuel Ntara, lija la 1933, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, ndi ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga zimene munkazimva pa wailesi. Maso avuta, ndikudziwa, koma adzukulu anuwa azikuwerengerani madzulo pakhonde. Ndipo apa alamu ndikupempheni, ana anu obadwira kumeneko alowe nawo m'ndandanda wowerenga. Chichewa chawo chikhota, anzawo aseka, palibe kanthu, agogo awo aziwakonza. Akafika pa mawu amene sakuwadziwa adzafunsa, ndipo amayi sangayankhe mawu amodzi osawonjezapo nkhani ya kumudzi. Palibe kalasi imene ingawapatse zimenezo.

Za mtengo, mabuku atsopano kumeneko ndi odula, komanso amalemera pabasi. Yambani mwayang'ana kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu ya m'tauni, a Trevor Noah ndi a Chimamanda amapezekapezeka. Ngati ndalama zili zochepa, a ana akhale oyamba: la Kamkwamba, limodzi la Upile Chisala, ndi la duku lija. Ife akuluakulu tibwerekana limodzi. Ndipo mukagula, mulembe dzina la mwana m'kati mwa chikuto ndi chaka chake, aliyense lakelake, kuti pasadzakhale kulimbirana. Mukafika m'sitolo mundijambulire zikuto musanalipire, makamaka la Kamkwamba ndi la Trevor Noah, ndione ngati ali a achinyamata aja. Mupereke moni kwa ana.