Pa mafunde a wailesi, chete ndi wonyenga

Wophunzira wina wandilembera imelo. Akupanga protocol ya MAC (malamulo a mmene mawailesi amasinthanirana polankhula) ya cognitive radio, wailesi imene imabwereka tchanelo pamene mwini wake sakuigwiritsa ntchito, ndipo akufunsa ngati mawailesi ake azikhala ndi tchanelo imodzi yopanganirana, kapena azingodumphadumpha m'matchanelo mpaka akumane.

Mng'ono wanga, funso lanu landikumbutsa chaka chonse chimene ndinavutika ndi nkhani yomweyi. Pa kompyuta zonse zinkayenda bwino. Wailesi yanga yopanda layisensi inkamvetsera, ikapeza chete n'kulankhula, mwini layisensi akabwera n'kuthawa. Dzina loti cognitive radio analibweretsa Joseph Mitola ndi Gerald Maguire mu 1999, ndipo ganizolo linandilowa mumtima. Kenako tinayesa ndi timawailesi tenitweni ta USRP, toyendetsedwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Kamodzi tinakaika pamwamba pa nyumba kuti kakhale mwini tchanelo, kolandira kake m'chipinda choyandikana nafe, kathu kuseri kwa khoma lakonkire. Kathu kanamvetsera, kanapeza zii, kanayamba kutumiza. Mnzanga anafuula kuchokera kuchipinda kuja kuti uthenga wonse wasweka. Khomalo linkatibisira mwini tchanelo, koma ife tinkamveka mokweza kwa womulandira wake.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo anthu ambiri olemba za MAC amapalumpha. Timamvetsera wolankhula, koma amene timamupweteka ndi womvera, ndipo womverayo sapanga phokoso. TV ya m'nyumba situmiza kalikonse. N'chifukwa chake muyezo wa IEEE 802.22 wa mawailesi obwereka matchanelo a TV, umene unatuluka mu 2011, unafuna kuti chipangizo chizimva mafunde a TV yadijito ofooka mpaka -116 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya mafunde), ndipo chikamva mwini wake chichoke pasanathe masekondi 2. Unaikanso nthawi yoti alendo onse, kutanthauza mawailesi opanda layisensi, akhale duu limodzi, chifukwa mnzako akamalankhula iwe ukumvetsera, umayesa ndi mwini tchanelo n'kuthawa pachabe. Komanso mukamangoyeza mphamvu ya mafunde, pali malire pamene kumvetsera nthawi yaitali sikuthandizanso, popeza phokoso la m'chipangizo chanu chomwe simulidziwa ndendende.

ALOHA, njira yogawana mafunde ya Norman Abramson ku Hawaii mu 1971, ngakhalenso WiFi, zonsezo ndi za anthu ofanana: mukawombana, nonse mumadikira n'kuyesanso. Kuno simufanana. Mlendo akawombana ndi mwini malo, wolakwa ndi mlendo basi. Sindidabwa kuti FCC, bungwe loyang'anira za mafunde ku America, itatsegula matchanelo a TV osagwiritsidwa ntchito mu 2008, pofika 2010 inasiya kukakamiza kumvetsera kwa zipangizo zimene zimadziwa malo pamene zili n'kufunsa database yosonyeza matchanelo osagwiritsidwa ntchito pamalopo. Ine masiku ano pepala lililonse loyesedwa pa kompyuta pokha, lomwe likuganiza kuti wailesi imamva popanda kulakwitsa, sindilikhulupirira.

Nanga funso lanu lija

Sankhani tchanelo yopanganirana, koma muyiike m'mafunde osafuna layisensi, kumene mwini malo sangakupirikitseni muli pakati pokambirana. Mauthenga ake akhale aafupi, chifukwa mawailesi akachuluka ndi iyo imayamba kudzaza. Kudumphadumpha kusiyireni pamene tchanelo yotere palibe, ndipo mukatero muyeze nthawi yaitali kwambiri imene awiri angathe asanakumane. Musanalembe mutu wachiwiri wa kafukufuku wanu, bwerekani timawailesi titatu, mupeze khoma.