Bambo a ku Joni akufunsa: mwana wanga ndi nambala 12, ndiye kuti zikuyenda?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg, mwana wawo ali Fomu 3 pa sekondale ina ya anyamata okhaokha yogonera konko kuno kumudzi. Dzina lawo ndi la sukuluyo sinditchula. Ndadulako zina koma nkhani yake ndi iyi:

"Asukulu anatsegula gulupu ya WhatsApp ya makolo, ndiye pakapita masabata angapo amatumiza m'mene maphunziro akuyendera. Amalemba zoti Biology afika nayo patali, Masamu atsala mitu iwiri, ayamba makalasi a m'mamawa, komanso zithunzi za ana ali mu labu. Teremu yatha mwana wanga anali nambala 12 mwa ana 58, Agriculture 78, Bible Knowledge 81, koma Chingerezi 49, Masamu 41. Ndikamufunsa amangoti zili bho dadi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, changa ndi kutumiza fizi basi. Kodi nambala 12 ndi yabwino? Nanga ndingadziwe bwanji kuti akuphunziradi ndili kutali chonchi?"

Bambo, tiyambe ndi gulupuyo. Zimene amalemba mmenemo si zabodza ayi, koma muzidziwa kuti akukuuzani zimene aphunzitsi achita, osati zimene mwana wanu wamva. Mphunzitsi akati mutu wakuti tamaliza ndiye kuti anaima kutsogolo, anaphunzitsa, analembetsa manotsi, kenako anakalemba mu buku lake la ntchito kuti zatheka ndipo ahedi anasainira. Mmenemo mnyamata wanu mwina anali pa desiki yakumbuyo akusinza poti dzulo lake anachezera nkhani za mpira ku hostel, kapena anali maso ndithu koma anasochera pa mutu woyamba pomwe ndipo anachita manyazi kukweza mkono pamaso pa anzake 57. Meseji ya pa gulupu singakuuzeni zimenezo chifukwa imalembedwera makolo onse nthawi imodzi, komanso tinene zoona, sukulu iliyonse imafuna ioneke bwino kwa anthu amene akulipira fizi. Zithunzi za mu labu zija ndi zabwino kuziona, koma ndi chithunzi basi.

Sikuti mutulukemo mu gulupumo. Muzitolamo madeti, tsiku la mayeso a pakati pa teremu, visiting day, msonkhano wa PTA, tsiku lotsekera. Ndipo meseji imene ine ndimati makolo aziyiwerenga kawiri ndi ija imabwera mwakachetechete yoti mphunzitsi wa Physics wasamutsidwa kapena wapita kusukulu, chifukwa pamenepo ana amatha kukhala masabata osaphunzira phunzirolo ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti walowa m'malo ndani, wayamba liti.

Tsopano nambala 12 ija. Yankho lachidule ndi loti payokha siikutiuza kanthu. Zimatengera kuti 11 ali patsogolowo ndi ndani. Sukulu ngati Likuni Boys, Zomba Catholic, Chaminade ku Karonga kapena Dedza Government zimatenga ana amene anakhoza bwino kwambiri mayeso a Sitandade 8, ndiye mwana amene ali nambala 30 kumeneko atha kukhala woopsa kuposa nambala 3 wa kwina. Chinanso, nambala imeneyi masukulu ambiri amaipeza pophatikiza malikisi a maphunziro onse, ndiye 81 ya Bible Knowledge ndi 78 ya Agriculture zabereka 41 ya Masamu kumbuyo n'kuifikitsa pa 12. Koma a MANEB alibe nazo ntchito za nambala ya m'kalasi. Iwo amaona phunziro lililonse palokha.

Poti mwati munalekezera Fomu 2, ndifotokoze m'mene MSCE imayendera, ena atha kudumpha ndime ino. Phunziro lililonse amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass wamba, 9 ndiye walephera. Mapointi amene mumamva anthu akutchula aja amawapeza pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, n'chifukwa chake wopeza 6 points amatuluka mu nyuzi, ndiye kuti 1 paliponse. Mapointi akamachepa ndiye kukhoza kwake. Mwachitsanzo mwana atapeza 3, 3, 4, 4, 5, 5 ndiye kuti ali ndi 24. Koma nkhani yaikulu ili pa Chingerezi. Akachilephera satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale kwinako atawala bwanji. Ndipo kuti a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, amuganizire pa masankho a ku mayunivesite a boma, kaya ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni, pamafunika ma credit sikisi ndipo Chingerezi chikhale chimodzi mwa amenewo. Mwana atha kukhala ndi mapointi ooneka bwino koma Chingerezi 7, basi chitseko chatsekeka, n'kumakabwereza chaka chathunthu chifukwa cha phunziro limodzi. Masamu nawo, makosi a uinjiniya, zaumoyo, akaunti, onsewo amafuna credit ya Masamu.

Ndiye ine pa lipoti la mwana wanu chimene chandigwira mtima ndi 49 ndi 41 zija, osati 12. Onani pansi pa lipotilo kapena kuseri kwake, kawirikawiri amalembapo kuti malikisi akuti mpaka akuti ndi giredi yanji pasukulu yawoyo. Masukulu amasiyana podula malire, ndiye musatengere za sukulu ya mwana wa neba. Ngati sanalembe, funsani.

Komanso Fomu 3 ndi kalasi yonyenga. JCE yadutsa, MSCE ikuoneka ngati ili kutali, mnyamata wasiya kutumidwa ndi akuluakulu tsopano ndi iye akutuma a Fomu 1, mawu ayamba kukula, ena ayamba kale kampeni ya uprefect. Ambiri amachitenga ngati chaka chopuma. Chonsecho mayeso a MSCE amafunsa za Fomu 3 ndi Fomu 4 zonse, ndipo Fomu 4 njaifupi, mumangoti mwatsegulira kenako mock, kenako ma practical, mayeso afika. Dzenje limene lakumbidwa chaka chino silikwiririka bwinobwino chaka chamawa.

Nanga mudziwa bwanji muli ku Joni? Makope, bambo. Akabwera ku holide, mayi ake kapena amalume ake kaya ndani amene amakhala naye, amuuze atulutse makope onse ndi mapepala a mayeso amene anachongedwa, ajambule akutumizireni pa WhatsApp. Mumuuziretu asanatsekere kuti abwere nazo, apo ayi mudzamva zoti ndinasiya mu trunk ku hostel. Ndipo musadandaule zoti simudziwa Chemistry, zimene mukuyang'ana sizifuna digiri. Onani madeti pamwamba pa tsamba, ngati kope la Masamu lalumpha kuchokera pa 3 October kufika pa 28 October ndiye pakatipo panali chiyani, mphunzitsi kunalibe kapena mwana ndi amene kunalibe? Onani ngati muli cholembera chofiira. Kope lodzadza manotsi okongola koma lopanda ntchito ngakhale imodzi yochongedwa ndiye kuti mwanayo akungokopera za pa bolodi. Onaninso kalembedwe, mukapeza masamba ena zilembo zasintha mwadzidzidzi, zazing'onozing'ono zaudongo pomwe mwana wanu amalemba ngati nkhuku yapalasa, dziwani kuti pali kamnyamata ka Fomu 1 kamene kakumulembera manotsi usiku, zimachitika kwambiri m'sukulu za anyamata ndipo wopusitsidwa pamenepo ndi mwini kopeyo.

Pa mapepala a mayeso pali kusiyana pakati pa funso limene anayesa n'kulakwa ndi limene anangolisiya loyera. Woyesa n'kulakwa ali pafupi, akufunika womuwongola pang'ono. Koma ngati theka la pepala la Masamu ndi loyera, ndiye mwina mitu imeneyo saidziwa n'komwe kapena nthawi imamuthera, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Chingerezi nacho chili ndi zigawo, pali galamala, composition, note making, comprehension ndi literature. 49 ija itha kukhala yoti galamala ali bwino koma mabuku a literature sanawatsegule chifukwa buku ndi limodzi ana asanu, zimene inu mutha kuzithetsa ndi ndalama yochepa kuposa ya nsapato zimene anyamata amakonda kupempha.

Kenako aphunzitsi. Osafunsira pa gulupu chonde, pamenepo mungoyalutsa mwana ndipo mphunzitsi adzakuyankhani zachiofesi. Pezani nambala ya form teacher, mulembereni kaye meseji mwaulemu kuti ndinu kholo la uje muli kunja, ndi nthawi yanji imene mungaimbe. Mwayi wake nthawi ya ku South Africa ndi ya kuno ndi imodzimodzi, ndiye palibe chowiringula choimbira munthu 10 koloko usiku. Ndipo muziimba ndinu, osaflasha. Mukafunsa kuti mwana wanga akuchita bwanji, yankho mulidziwa kale, "akuyesetsa, angolimbikira". Mphunzitsi aliyense amayankha choncho chifukwa funsolo ndi lotakata. Funsani zoti ntchito akapatsidwa amapereka pa nthawi yake? M'kalasi amakhala pati, ndi ndani? Pa Masamu ndi mitu iti yeniyeni imene yamuvuta? Ngati form teacher sakudziwa akulumikizeni ndi wa phunzirolo. Mphunzitsi akaona kuti kholo ili limafunsa zenizeni amayamba kumuyang'ana mwanayo mwa mtundu wina, ndi umunthu basi, mwa ana 58 amene bambo ake anaimba amakumbukika.

Munthu wina amene makolo amamuiwala ndi boarding master. Pasukulu yogonera konko theka la nkhani lili kwa iyeyo. Ndi amene amadziwa amene amathawa prep, amene amadwaladwala Lolemba lililonse, amene amadumpha mpanda kupita ku trading centre kukaonera mpira, amene akubisa foni mu matiresi. Pa foni pomwepa, inu a ku Joni ndinu amene mumawononga ana ndi chikondi, mumatumiza foni yapamwamba poti mukufuna muzilankhula naye. Masukulu ambiri ogonera konko salola, akamugwira ndi suspension, akapanda kumugwira ndi TikTok mpaka 2 koloko m'bandakucha. Isiyeni kunyumba aziipeza pa holide.

Za "zili bho dadi" zija musakhumudwe nazo, anyamata a msinkhu umenewu ndi mmene amayankhira, kunena kuti Masamu akundivuta amaona ngati kudzitsitsa, makamaka kwa bambo amene akudziwa kuti akuvutikira fizi kunja. Musamufunse ngati wapolisi. Muuzeni kuti ine Biology sindinafike nayo patali, tandifotokozera m'mene magazi amayendera mu mtima, mwa Chichewa chomwechi. Amene anamva amafotokoza mpaka kukutopetsani, amene analoweza amayamba Chingerezi cha m'manotsi n'kuima pakati. Ndipo mumufunsenso za kudya ndi kugona, nsima ya nyemba tsiku ndi tsiku mwana wa zaka 16 amamva njala, nthawi zina malikisi amagwa chifukwa pocket money inatha sabata yachitatu kapena pali amene akumuzunza ku hostel, iye osanena.

Musathamangire kulipira part time musanadziwe pamene pakudontha. Yambani ndi zotchipa, calculator yakeyake osati yobwereka, mathematical set, dikishonale, mabuku a literature ndi mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo. Ndipo akadzafika Fomu 4 n'kukuuzani kuti tumizani ndalama pali munthu ali ndi likasa, musatumize. Mu 2020 mayeso a MSCE anabedwa, boma linawathetsa ana onse n'kukalembanso mu January 2021, olakwa ndi osalakwa omwe, ndipo ambiri ogulitsa zimenezi pa WhatsApp ndi akuba chabe.

Sabata ino lemberani form teacher meseji ija, ndipo muwauze kunyumba za makope holide isanafike. Akakutumizirani zithunzi, nditumizireni pepala la Chingerezi lija ndi la Masamu pa imelo yomweyi, mubise dzina la mwana ndi la sukulu, ndione ngati vuto lili pa composition kapena pa literature.